Dzina la Pachikwangwani Silipita Kukhoti

Msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay ndi wodzaza ndi maina. Alipo pamakoma a magolosale, pazipata za malo ogona alendo, pamagalimoto onyamula nsomba, ngakhalenso m'mbali mwa maboti amene amakocheza pamadoko. Ena ndi a Chichewa monga Chisomo, Tiyese kapena Tikondane, ena ndi a Chiyao, ndipo ambiri amathera ndi mawu a Chingerezi akuti Enterprises, Investments kapena General Dealers. Ife ophunzira zilankhulo timawakonda maina otere, ndipo chilembere Rodrigue Landry ndi Richard Bourhis za zilankhulo za pazikwangwani m'chaka cha 1997, ophunzira ambiri akhala akuyenda m'misika ndi kope m'manja kuwerenga kuti zikwangwani za Chingerezi ndi zingati, za Chichewa ndi zingati. Ntchito imeneyo ndi yabwino, koma m'nkhani ino ndikufunsa funso lina. Dzina lolembedwa pakhomalo likakongola katundu, wobweza ndani? Maganizo anga ndi akuti munthu kapena gulu la anthu liloledwe kuchita malonda ndi dzina lililonse limene lalikonda, koma pansi pa dzinalo pazilembedwa maina enieni a eni ake, m'chilankhulo chimene wogula ndi wokongoza amamva.

Tisanapite patali, ndi bwino kuvomereza kuti kukhala ndi maina angapo si chinthu chachilendo kwa ife. Malo omwe ano ali ndi maina awiriawiri. Monkey Bay amatchedwanso Lusumbwe. Cape Maclear, dzina limene David Livingstone adapereka pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, kwa asodzi ndi ku Chembe. Mangochi idali Fort Johnston kuyambira m'chaka cha 1891 mpaka titalandira ufulu. Anthunso ndi chimodzimodzi. Mwana ali ndi dzina laubwana, akatuluka ku jando kapena ku chinamwali amalandira lina, akabereka amasanduka bambo a uje kapena make uje, ndipo polemekeza timamuitana ndi mfunda wake. Kwa Ayao mayi amadziwika kuti Abiti uje, kutengera bambo ake. Palibe amene amasokonezeka ndi maina onsewa chifukwa mudzi wonse umadziwa kuti akuloza kwa munthu mmodzi, amene nyumba yake ili apo ndipo mwinimbumba wake ndi uje. Akathawa ndi mbuzi ya mwini, anyakwawa safunsa kuti dzina lake la pachitupa ndi liti.

Maina oyamba a malonda m'dziko muno adabadwanso mwa njira yomweyi. Kampani imene idakhazikitsidwa ku Scotland m'chaka cha 1878, yomwe pambuyo pake idatchedwa African Lakes Corporation, makolo athu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi amene John Moir, mmodzi mwa abale awiri oiyendetsa, ankavala. Dzinalo lidakhazikika kotero kuti kampaniyo idalitenga n'kulilemba pamasitolo ake, ndipo mpaka lero dera lina la mumzinda wa Blantyre limatchedwa Mandala. Masitolo a London and Blantyre Supply Company nawo ankadziwika ndi dzina lakuti Kandodo. Chofunika kuona apa n'chakuti maina awa adachokera kwa ogula, ndipo lakuti Mandala linkaloza nkhope ya munthu amene anthu ankamuona ndi maso. Masiku ano dzina amasankha ndi wogulitsa, ndipo kawirikawiri silinena chilichonse za iye. Dzina lakuti Chisomo lingapezeke pamagolosale khumi pakati pa Makawa ndi Monkey Bay, eni ake osadziwana n'komwe.

Ngakhale maina akuluakulu a kuno kunyanja amabisa kusintha kumene kumachitika kuseri kwake. Aliyense amadziwa pa Maldeco, ndipo mawuwa adasanduka dzina la malo otsikira minibasi. Dzinali lidachokera ku Malawi Development Corporation, bungwe la boma limene lidatenga ntchito ya usodzi ya Agiriki a banja la Yiannakis kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Bungwelo lidathetsedwa kale, ntchito ya usodzi idapita m'manja mwa Press Corporation, ndipo m'malipoti a Press kampaniyo yakhala ikulembedwa kuti The Foods Company Limited, pamene Maldeco ndi dzina lochitira malonda chabe. Sitima ya Ilala, imene idalumikizidwa ndi kulowetsedwa m'madzi pa Monkey Bay m'chaka cha 1951, idayamba pansi pa kampani ya njanji, kenako Malawi Lake Services, m'chaka cha 2002 idaperekedwa kwa Glens Waterways, ndipo m'chaka cha 2010 kwa Malawi Shipping Company ya Mota-Engil. Wokwera wa ku Likoma amangoti ndakwera Ilala. Palibe cholakwika chilichonse pamenepa, ndipo makampani aakulu otere ali ndi maofesi ndi zikalata zimene loya aliyense angazipeze tsiku limodzi. Ndazitchula pofuna kuonetsa kuti dzina limene lili pakamwa pa anthu ndi dzina limene lamulo limazindikira ndi zinthu ziwiri. Vuto limakula pamene palibe ofesi, palibe loya, pali chidindo chokha ndi nambala ya foni.

Tione tsopano zimene lamulo limanena. Munthu akamachita bizinesi yekha, dzina la pachikwangwani ndi chovala chabe. Ngongole zonse ndi zake. Anthu awiri kapena kuposerapo akasonkherana mpamba n'cholinga chopeza phindu, lamulo lathu la Partnership Act, lomwe lidatsanzira la ku England la 1890, limawatenga kuti ali pamgwirizano ngakhale asadalemberane kalata iliyonse. Pamgwirizano wotere zimene mmodzi wachita m'dzina la bizinesi zimamanga onse, ndipo aliyense angatengeredwe katundu wake wa kunyumba pobweza ngongole ya bizinesiyo. Abale awiri amene agula chilimira, boti ndi injini pamodzi, n'kulemba alovi, ali pamgwirizano wotere kaya akudziwa kaya sakudziwa. Kampani ndi yosiyana. Iyo lamulo limaiona ngati munthu payokha, wokhala ndi katundu ndi ngongole zakezake, monga khoti lalikulu la ku Britain lidagamulira pa mlandu wa Salomon m'chaka cha 1896. Kampani ikagwa, eni masheya amataya zimene adaikamo basi, ndipo nyumba zawo sizikhudzidwa. Kuno kwathu makampani amayendera Companies Act ya 2013, imene idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2016 ndipo imalola ngakhale munthu mmodzi kutsegula kampani. Mabizinesi ena onse amalembetsedwa kwa Mlembi Wamkulu wa boma motsata Business Registration Act ya 2012, imene idalowa m'malo mwa lamulo lakale lolembetsa maina a mabizinesi.

Maiko ena adapanga mtundu wachitatu umene uli pakati pa ziwirizi, wotchedwa limited liability partnership, mwachidule LLP. Udayambira ku Texas m'dziko la America m'chaka cha 1991. Mabanki ambiri osunga ndi kukongoza ndalama atagwa m'zaka za m'ma 1980, maloya ndi akatswiri owerengera ndalama amene ankawalangiza adasumiridwa, ndipo anzawo a pamgwirizano amene sadakhudze n'komwe ntchitozo adaona kuti chuma chawo chipita chifukwa cha kulakwa kwa wina. Lamulo latsopanolo lidawatchinjiriza. Britain idakhazikitsa lake m'chaka cha 2000, Kenya m'chaka cha 2011. Kwa eni bizinesi ndi chinthu chokoma: amagwira ntchito ngati abwenzi ogawana phindu, koma ngongole zili ndi malire ngati za kampani. Kwa wokongoza, ndiye kuti thumba limene angapisemo lachepa. N'chifukwa chake maiko amenewa sadangopereka chitetezocho chabe. Dzina la mgwirizano wotere liyenera kuthera ndi zilembo za LLP, ndipo ukafuna kugwiritsa ntchito dzina lina pochita malonda pali malamulo ake. Ku Texas umayenera kulembetsa chikalata cha dzina lachiwirilo ku boma, chomwe chimagwira ntchito zaka zosaposa 10. Ku Britain dzina lenileni liyenera kuoneka pamalo ochitira malonda, pamakalata, pamalisiti ndi patsamba la pa intaneti. Lamulo loyamba la ku Britain lolembetsa maina a mabizinesi, la 1916, lidabwera nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu atayamba kufunsa ngati masitolo a maina a Chingerezi sadali a Ajeremani. Chiyambi chake chidali mantha ndi tsankho, koma funso limene lidatsala ndi loyenera: kuseri kwa dzinali kuli yani?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ife a zilankhulo. Mawu akuti Limited adakakamizidwa kumapeto kwa maina a makampani ku Britain m'chaka cha 1855 kuti akhale chenjezo. Amauza wokongoza kuti samala, ukapereka katundu wako pangongole eni ake sadzagulitsa ng'ombe zawo kuti akubwezere. Koma tafunsani pamsika wa Monkey Bay kuti Limited ndi chiyani. Amene ndidachezapo nawo amamva ngati mawu aulemu, otanthauza kuti bizinesiyo ndi yaikulu ndiponso yodalirika. Amawaika m'gulu limodzi ndi Enterprises, Investments ndi Holdings, mawu amene ndi zokongoletsa chabe ndipo sasintha chilichonse pa za ngongole. Motero mawu amene adapangidwa kuti achenjeze munthu asanduka omukopa. M'kalasi timaphunzira kuti mawu obwereka amatha kusintha tanthauzo akalowa m'chilankhulo china, ndipo timaseka ndi zitsanzo zake. Chitsanzo ichi n'chosaseketsa, pakuti tanthauzo latembenuka ndipo wolipira mtengo wa kutembenukako ndi amene sadziwa Chingerezi. Nanga zilembo ziwiri za t/a, zoimira trading as, zimene zimalumikiza dzina lenileni ndi la malonda pazidindo ndi pamacheke, ndi angati amene amaziwerenga?

Maiko ena adaliona vutoli. Lamulo la ku Britain la 2000 limalola mgwirizano wa ku Wales kulemba chenjezoli m'chilankhulo cha kumeneko, ndipo m'malo mwa LLP amalemba PAC. Ku South Africa makampani akhala akulemba Bpk m'Chiafrikaans m'malo mwa Ltd. Anansi athu a ku Mozambique amalemba Lda, kuchokera ku Chipwitikizi. Ife Chichewa chidalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, tidakhala ndi Chichewa Board kuyambira 1972, kenako Centre for Language Studies kuyambira 1996, koma pachikwangwani cha kampani chenjezo likadali m'Chingerezi chokha.

Kuti zimveke bwino ndifotokoze zimene zidawaonekera azakhali anga, amene amayanika usipa pamathandala padoko lina kufupi ndi Monkey Bay. Kwa miyezi ingapo ankagulitsa kwa amuna awiri obwera ndi lole yolembedwa dzina lokongola pachitseko. Ankalipira bwino, ndipo nthawi zonse ankasiya lisiti lodindidwa dzina lomwelo. Tsiku lina adatenga matumba 14 ponena kuti ndalama atumiza akagulitsa ku Limbe. Ndalama sizidabwere. Patapita miyezi iwiri mmodzi wa iwo adaonekanso padokopo, lole yomweyo koma chitseko chitapentedwa dzina lina. Atafunsidwa adati bizinesi yakale ija idali ya mnzake, iye adali dalaivala chabe, ndipo idatsekedwa. Azakhali adapita kukhoti ndi malisiti awo. Funso loyamba limene adafunsidwa lidali lakuti, "Mayi, mukusumira ndani?" Iwo adatchula dzina la palisiti. Adauzidwa mwaulemu kuti samani imafuna munthu woilandira ndi malo kumene akukhala. Dzina la mmodzi ankalidziwa lamasewera lokha, la winayo mfunda wokha. Nambala imene ankalandirirapo ndalama pafoni idali yolembetsedwa m'dzina la munthu wachitatu amene sadamuonepo.

Chopweteka pa nkhaniyi n'chakuti lamulo lidali mbali ya azakhali. Ngati amuna awiriwo ankagawana phindu, adali pamgwirizano, ndipo wotsalayo adayenera kubweza ngongole yonse. Chimene chidasowa ndi umboni woti adali mwini, ndipo umboniwo ukadakhala mzere umodzi wa maina palisiti. Matumba 14 a usipa ndi mpamba wa chaka chonse kwa mayi wa padoko, ndipo gawo lina lidali la ku banki m'khonde, kumene anzake sadafune kumva za dzina la palole.

Ena anganene kuti kumudzi timadziwana, choncho malamulo otere ndi a m'tauni. Zidali zoona kale, pamene wogula ndi wogulitsa ankakumana pamaliro amodzi. Lero usipa wa ku Msaka umadyedwa ku Lilongwe, Mchinji ndi Mulanje, wogula amachokera kutali, ndipo mlendo amalipiriratu chipinda cha ku Chembe ali ku Johannesburg. Malonda adakula kuposa mudzi, ndiye maso a mudzi sangathenso kugwira ntchito imene ankagwira.

Ena anganene kuti kulembetsa n'kodula, n'kwakutali, ndiponso kumaitana a msonkho. Apa pali choonadi. Kwa zaka zambiri munthu wa ku Monkey Bay ankayenera kukwera basi mpaka ku Blantyre kuti akalembetse dzina, ndipo ngakhale tsopano zina zimatheka pa intaneti, si aliyense ali ndi foni yotero kapena Chingerezi chodzazira mafomu. Koma chimene ndikupempha ine sichidikira kaundula wa ku Blantyre. Kulemba dzina lako pansi pa dzina la golosale yako kumafuna utoto wochepa chabe.

Chifukwa chimene chimandivuta kuyankha ndi chachitatu, ndipo sichilembedwa m'mabuku a zamalamulo. Anthu ambiri amabisa kuti bizinesi ndi yawo pothawa abale, osati pothawa ngongole. Ukangodziwika kuti chigayo chija n'chako, fizi ya ana a mlongo wako, maliro onse a kuchimuna ndi kuchikazi, zonse zimagwera iwe, ndipo bizinesi ikayenda bwino kwambiri amayamba kunong'ona kuti udakhwimira. Amayi ena amalemba dzina losaloza aliyense kuti mwamuna akamwalira, abale ake asadzati sitoloyo idali ya malemu. Mantha awa ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Komabe tikaganiza mofatsa, mayi amene dzina lake lili pachiphaso ndi pakhoma ndi amene ali ndi umboni tsiku la kusudzula likafika, pamene wobisala uja alibe chogwira. Za abale opempha, amenewo amadziwa kale. M'mudzi mulibe chigayo chopanda mwini. Amene sadziwa ndi mlendo yekha, wokongoza yekha, ganyu yekha amene wagwira ntchito mwezi wonse. Chinsinsi chimene chimabisika kwa okhawo amene angavulale nacho n'chovuta kuchiteteza. Ndingavomereze kuti mayi wogulitsa mandasi kapena tomato pamsika asavutitsidwe ndi zimenezi, poti nkhope yake ndiye chikwangwani chake. Koma aliyense amene wafika posema chidindo ndi kusindikiza malisiti wafika poti atiuze dzina lake.

Palinso phindu kwa eni mgwirizano iwo eni. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Anzathu ambiri amasonkherana kugula boti popanda kukambirana kuti wina akafuna kutuluka, kapena akamwalira, dzina ndi makasitomala zitsala ndi yani. Tsiku lopita kwa wolemba zikwangwani kukatchula maina a eni ake lingakhale tsiku loyamba kufunsana mafunso amenewa, chikondi chikadalipo.

Ntchito ya ife a zilankhulo ndi kupeza mawu. Kumasulira Limited kuti "Ya Malire" sikungathandize, chifukwa womva adzafunsa kuti malire a munda kapena a dziko. Chenjezo liyenera kunena chinthu chenichenicho ngakhale litalike. Pakampani, kapena pamgwirizano uliwonse wotetezedwa ngati LLP, pangalembedwe kuti, "Ngongole ndi za kampani, si za eni ake." Pamgwirizano wamba pangalembedwe kuti, "Eni ake ndi awa," n'kutsatira maina monga alili pachitupa cha unzika, chimene pafupifupi munthu wamkulu aliyense adalandira kuchokera pa kalembera wa 2017. Mawu awa ndangowaponya kuti tiyambirepo. Aphunzitsi athu ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies angawasule bwino, ndipo ayenera kukawayesa padoko, kwa amayi oyanika nsomba, asanawasindikize. Kuno ku Mangochi mzere womwewo ufunikanso m'Chiyao, ndipo womasulira asakhale Mchewa wongophunzira Chiyao chaka chimodzi ngati ine.

Okakamiza alipo kale. Chaka chilichonse ogwira ntchito ku khonsolo amayendera masitolo kuona ziphaso za malonda, ndipo a zausodzi pamodzi ndi makomiti a m'madoko amadziwa mwini wa chilimira chilichonse. Woyendera uja akamaona ngati chiphaso chalipiridwa, angathenso kukweza maso kuona ngati maina a pachiphasocho ndi omwe alembedwa pakhoma, pachidindo ndi pachitseko cha lole. Wofuna kusintha dzina la bizinesi asinthe, koma kwa chaka chathunthu dzina lakale lizionekabe pansi pa latsopanolo, kuti amene ali ndi lisiti lakale adziwe khomo logogoda.